Ndinali Pakamwa pa a Leki

Abale anga amati ku Amereka ndinabwerako ndi pakamwa basi, ulemu ndinauiwala m'ndege. Nkhani yake ndi ya pachigayo changa chino cha pa Kampepuza. Tsiku lina amalume anabwera kudzaona mmene ntchito ikuyendera, jekete yawo ili lendelende, nkuweramira pa lamba injini ikuzungulira. Ine sindinadikire. Ndinakuwa mpaka azimayi amene anali pamzere anagwetsa malichero.

"Whoa! Chokanipo apo, inu!"

Amalume anaweramuka, kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nkunyamuka osatsanzika. Madzulo ake banja lonse linandikhalira pansi. Amene anatsegula mlandu ndi mlongo wanga Esinati, yemwe uja ndinamusiya akuyamwa chala, amene thukuta langa linamuphunzitsa mpaka kukhala mphunzitsi. Lero ndiye wondiphunzitsa mwambo.

"Achimwene, munthu wamkulu simumukuwira ngati mukuthamangitsa mbuzi m'dimba. Mukanawauza bwinobwino."

Bwinobwino! Ndinapepesa, tambala ndinapereka, nkhani inatha. Koma amalume akadzaweramiranso pa lamba uja ndidzakuwanso, ndipo tambala wina ndasunga kale. Abale angawa sawadziwa a Leki. Ndikati ndiwafotokozere amangoti ayambapo za kunja zija, nkumatuluka mmodzimmodzi. Ndiye ndingonenera pano.

Ndinapita ngati mwana wa sukulu. Anthu a kumpingo anandipezera malo pa koleji ina kufupi ndi South Bend, ndipo tsiku lonyamuka mayi anagulitsa mbuzi kuti achibale akwere lole kundiperekeza mpaka ku Lumbadzi. Bambo sanapite nawo. Iwo anagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni, anabwerako ndi wailesi ndi chifuwa chosatha, ndipo za maulendo sankafunanso kumva. Anangondigwira dzanja pakhonde nkunena kuti, "Kumeneko uzikamvera. Wamkulu akayankhula, iwe chete." Ndinavomera.

Sukulu inatha fizi itatha, palibe chobisa apa. Ndinkakhala m'kanyumba ka m'mwamba ndi anyamata anzanga a ku Malawi, matiresi pansi, wina akamadzuka kupita ku shifiti mnzake nkulowa pomwepo bulangeti lisanazizire. Ambiri ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Ine ndinayesako koma sindinakhalitse, mtima wanga ndi wapachala. Mkazi wanga, mayi a Tadala, atanditsatira ndi amene anaigwira ntchito imeneyo mopirira, uku akuphunzira unamwino.

Ine ndinakapezeka pamalo osinthira oyilo. Si galaja ngati za kuno zophwasula injini pansi pa mtengo wa mango. Kumeneko galimoto imalowera khomo ili, kuima pamwamba pa dzenje mwini wake ali momwemo akuseweretsa foni, ndipo tiyi asanazizire yatulukira khomo linalo. Anthu apamwamba amatsegula boneti, kuthira oyilo watsopano ndi kumwetulira kasitomala. Apansi tinali ife, m'dzenje la simenti lopitirira mutu, kumasula bawuti, kukhetsa oyilo wakale wotentha, kusintha fyuluta yosefa oyilo. Nthawi yozizira, sinowo yosungunuka yosakanikirana ndi mchere umene amawaza mumsewu inkatidonthera m'khosi tsiku lonse. Kumudzi ndinkatumiza zithunzi nditatsamira magalimoto a eni ake, manja ali m'thumba kuti zikhadabo zisaoneke, ndipo mayi ankauza anthu kuti mwana wawo ndi injiniya. Malata a nyumba yawo, fizi ya Esinati, feteleza wa chaka ndi chaka, zonsezo zinatuluka m'dzenje limenelo.

M'dzenje wapamwamba sakuona, iwenso sumuona. Chokulumikizani ndi mawu okha. Asanauze kasitomala kuti alize injini, wapamwamba amakuwa kuti "Clear?", kufunsa ngati manja ako achoka. Ngati achoka umayankha kuti "Clear!" Ngati dzanja likadali m'kati kapena bawuti sinamange, umakuwa kuti "Whoa!" ndi mphamvu zako zonse. Vuto n'lakuti magalimoto akachuluka panja, apamwamba amafunsa ndi pakamwa pomwe makutu ali kwina, dzanja lakodola kale kasitomala. Ndipo alipo magalimoto ena amene fyuluta yake ili pafupi penipeni ndi lamba wa injini. Injini ikalira dzanja lili pamenepo, zala zapita.

Ineyo ndinaphunzira ndi chipsera. Ndili mlendo, bwana anauza kasitomala kuti alize ine ndisanamange fyuluta. Ndinayamba mwaulemu m'Chingerezi changa cha ku sekondale, "Pepani bwana, ndimati…" Ndisanamalize, oyilo wotentha anali m'khosi. Chipseracho chikadalipo, kolala ndi imene imabisa. Kuyambira tsiku limenelo malangizo a bambo ndinkawakoleka pa msomali pamodzi ndi jekete ndisanatsike.

A Leki anabwera ine nditazolowera kale. Anali bambo wa ku Thailand, wamfupi, imvi za apo ndi apo, wamkulu ndithu kwa ine. Kwawo ankakonza injini za maboti ndi njinga zamoto. Ku South Bend anatsatira mlamu wawo wa lesitilanti, nakhala zaka akutsuka mbale kukhitchini komwe Chingerezi sichinkafunika. Chinawatulutsamo ndi matenda a shuga a akazi awo, a Noi, chifukwa ntchito ya m'dzenje inali ndi inshulansi ya kuchipatala. Manijala wathu Kevini, munthu wabwino mtima koma waphuma, anandiuza kuti ndiwaphunzitse. Kuwaphunzitsa chiyani? Sipanala ankaidziwa ine ndisanamere ndevu. Chomwe analibe ndi mawu.

Tsiku loyamba anandifunsa zaka zanga asanandifunse dzina. Nditawauza anaseka nati, "Ndiye iwe ndiwe nong, ine ndine pi." Mng'ono ndi mkulu wake. Ndinati ha, awa ndi anthu akwathu awa, tangosiyana tsitsi. Chingerezi chathu chinali cha zigamba, manja ndiwo ankamalizitsa nkhani, choncho zomwe tinkakambirana ndizinena m'Chichewa.

Sukulu yathu inali m'galimoto yanga yakale nthawi ya nkhomaliro, hita ili yoyatsa, iwo ndi mpunga wawo wa tsabola wong'amba lilime, ine ndi buledi. Ankaloza ndi supuni.

"Nong, wakuda tikukhetsa uja?"

"Oil."

"Wokazingira nkhuku?"

"Oil yemweyo."

Anagwedeza mutu, akondwa. "Nanga wothira m'thanki?"

"Ameneyo ayi. Kuno amati gas."

"Gas si mpweya wophikira pa chitofu?"

"Nawonso ndi gas. Musandifunse ine, Pi, sindinachipange ndine chiyankhulochi."

"Wofiira wa m'giyabokosi?"

"Fluid."

"Wa mabuleki?"

"Fluid naye."

Anaika supuni pansi. "Kwathu zonsezi ndi nam man. Wophikira nam man, wa m'thanki nam man, wa mabuleki nam man, wodzola m'thupi nam man. Wolimba yekha wopaka m'majoini uja ndi amene ali ndi dzina lake."

Ndinaseka mpaka buledi anandipalira. "Pi, kwathunso ndi mafuta basi! Mafuta ophikira, mafuta a galimoto, mafuta odzola. Wolimbayo timati girizi, ndipo dzinalo tinabwereka kwa eni ake omwewa."

"Ma-fu-ta," anatero, akulawa.

Tinagwirizana kuti anthu a kumeneko ndi ovutika, kutaya nthawi kupereka mayina ambirimbiri kwa chinthu chimodzi choterera. Koma mayinawo anawaphunzira, ndipo mofulumira. Drain, kukhetsa. Leak, kudontha. Dipstick, kandodo koyezera oyilo. Synthetic, oyilo wodula uja amene Kevini ankafuna kuti aliyense agule. Ndinawafotokozera manambala a pabotolo, kuti yoyambayo imanena mmene oyilo amayendera kukazizira, inayo injini ikatentha. Sinowo isanathe anali akuwerenga okha pakompyuta kuti galimoto iyi ikufuna fyuluta iti. Nthawi zina pakati pa phokoso ndinkangomva kumbuyo kwanga, "Mafuta!", ine nkuyankha, "Nam man!", basi tsiku layenda.

Liwu limodzi lokha ndi limene linakana. "Clear!" ankakuwa bwinobwino, mawu awo anali aakulu kuposa thupi. Kuvomera sikunkawavuta. Koma ikafika nthawi yoletsa, ankangonena motsitsa kuti, "Excuse me, sir," ngati munthu wopempha njira m'basi. Ndani angamve zimenezo mawailesi akulira, zitseko zikutsika ndi kukwera? Ndinkadziwa kuti tsiku lina lamba adzawadya dzanja, ndipo maganizo amenewo sankandipatsa mtendere.

Ndinawakhazika m'galimoto muja. Ndinati liwu ili lili ndi ntchito ziwiri. Ukadabwa, mwina waona galimoto yokongola kapena mtengo wa nyama m'sitolo, umati whoa pang'onopang'ono, monga ife timanenera kuti eee. Koma ukalikuwa ndiye kuti ima pomwepo, usasunthe. Anandifunsa kuti linachokera kuti. Ine ndi kudziwa kwanga konse ndinati ndimamva kuti ndi mmene amaimitsira hatchi. Mmene nkhope yawo inasinthira, abale!

"Hatchi? Ukufuna ndiyankhule ndi bwana ngati hatchi?"

"Pi, bwana wake utiyo? Kevini ndi msinkhu wa mwana wanu."

"Ndi bwana. Ndi amene anandilemba ntchito, ndi amene akugulira Noi mankhwala. Kwathu ukakweza mawu kwa munthu wokudyetsa, pamaso pa alendo, wamuvula nkhope, yakonso wataya. Zimenezo sizibwezeka."

"Nanga chala chimabwezeka?"

Anangomwetulira. Kumwetulira kumeneko kunkandipsetsa mtima koopsa chifukwa ndinkakudziwa. Ndi mmene mayi anga ankamwetulira akakalipiridwa pamzere wa kuchipatala popanda chifukwa.

Whoa wodabwa uja ndiye anamukonda. A Noi akaika tsabola wochuluka, whoa. Sinowo ikakwirira galimoto, whoa. Wokuwayo zii. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ndinawatenga kupita nawo kunja kwa tawuni, kuminda ya chimanga yokololedwa kale, kopanda munthu ngakhale mmodzi. Ndinaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu.

"Tsikani. Kuno kulibe bwana, kulibe kasitomala. Kuwani."

Anayang'ana uku ndi uku, nkukweza mapewa. "Whoa."

"Iii, Pi, kumeneko ndi kunong'oneza mwana. Kuwani ngati boti lanu likupita lokha!"

"WHOA!"

Akhwangwala anabalalika munda wonse. Tinakuwa tonse awiri ngati amisala, kusinthana, mpaka mawu kusasa, kuseka misozi ili chuchuchu pamphepo yozizira ija. Pobwerera ndinkaimba nyimbo za kwaya, ndikuti zatheka. Lolemba m'dzenje, Kevini atafunsa dzanja lawo lili m'kati, ndinamva kumbuyo kwanga, "Excuse me, sir." Ndinakuwa ndine. Kenako ndinawatukwana m'Chichewa, mawu amene sindingawabwereze pano, iwo akungopukuta manja ndi kansanza.

Mapeto ake tinapangana njira yathu. Dzenje linali limodzi lalikulu pansi pa magalimoto awiri, iwo mbali iyi, ine mbali iyo, titapatsana misana. Pafupi ndi phazi lawo tinaika mgolo wachitsulo wopanda kanthu. Wapamwamba akafunsa iwo asanakonzeke, ankaumenya ndi nsapato, ngwe ngwe, ndipo ine ndinkakuwa "Whoa!" osatembenuka n'komwe. Poyamba apamwamba ankati a Leki aphunzira. Kevini atazindikira anangoseka, nati bola wina akukuwa. Tinagwira ntchito choncho zaka. A Noi anayamba kulongedza nkhomaliro ya anthu awiri, ati inayo ndi ya ine, pakamwa pa amuna awo.

Bambo anamwalira m'zaka zimenezo. Mapepala anga anali asanalongosoke, ndikanapita sindikanabwereranso, ndiye maliro ndinawaonera pa foni, bokosi likuoneka mogwedera chifukwa foni ya kumudziko inali m'dzanja la Esinati. Amalawi a ku South Bend anadzaza nyumba yathu kudzakhuza, nyimbo, mapemphero, azimayi m'zitenje pamwamba pa mayunifomu. Chitseko chitatseguka ndinaona a Leki ndi a Noi, avala zakuda, nsapato avula kale pakhomo. Anakhala pansi pakona masana onse osamva liwu ngakhale limodzi. Sabata imeneyo ntchito inkandikanika, ndipo a Leki ankamaliza galimoto yawo nkudumphira yanga osanena kanthu. Munthu ameneyo ndinamukonda kuposa abale anga ena a bere limodzi.

Kenako mayi a Tadala anamaliza maphunziro napeza ntchito pachipatala china chachikulu ku Indianapolis. Nyumba tinapeza ku Lawrence. Ine ndinkangozengereza.

"Bambo a Tadala, mwaapulaya tiransifa ija?"

"Ndiapulaya. Ndikungoganiza za a Leki."

"A Leki ali ndi akazi awo. Inu muzidiraiva mtunda wonsewo tsiku ndi tsiku kukakuwira munthu wamkulu? Nanga mwanayu azimusiya kusukulu ndani ine ndili pa shifiti?"

Ananena zoona, ndipo sindinatsutse. Munthu sungasiye banja lako chifukwa cha pakamwa pa mnzako. Ndinachita zomwe ndikanatha. Ndinamugwira Kevini pambali nkumuuza kuti asamalize injini iliyonse asanasuzumire yekha kuona manja a a Leki. Analonjeza, ndipo anasunga lonjezo lake nthawi yonse imene anali pamenepo. Wina amene anandilowa m'malo ndinamuonetsa mgolo nkumufotokozera. Anati wamva.

Tsiku lomaliza a Leki anandipatsa kabotolo ka mafuta achikasu a kwawo opaka msana ukamawawa.

"Pi, ndilonjezeni chinthu chimodzi."

"Ndikudziwa, nong."

"Hatchi kapena ayi, muzikuwa."

"Ndiyesa."

Ku Indianapolis ndinapeza dzenje lina ku Beech Grove, lofanana ndi lakale mpaka fungo lomwe. Mnzanga wa mmenemo ankagwira ntchito zomvera nyimbo zili m'makutu, moni wake unali wa chibwano. Nthawi zina wina akagwetsa sipanala pachitsulo ndinkapezeka nditakuwa "Whoa!" popanda chifukwa, apamwamba nkuima, nkuyamba kundiseka. Nkhomaliro ndinkadya ndekha. Tadala ndikamufunsa m'Chichewa ankandiyankha m'Chingerezi, mayi ake akabwera ine ndikutuluka. Loweruka lililonse ndinkaimbira a Leki, koma pa foni manja sathandiza, ndiye nkhani zathu zinkatha msanga. Anandiuza kuti Kevini amukweza, wapita kwina. Anandiuza kuti wa m'dzenje uja wasiya, kwabwera wina, kenako winanso. Ndikafunsa ngati atsopanowo awauza za mgolo, ankati, "Zonse zili bwino, nong."

A Noi anaimba masana ena ndili pansi pa galimoto. Chingerezi chawo chinali chochepa kuposa cha amuna awo. Anangoti dzanja, lamba, chipatala. Ndinakhala pansi pasimenti ya oyilo ija foni ili kukhutu.

Mmene ndinkapeza tsiku lopuma n'kuti a Leki atawatulutsa m'chipatala. Nditafika ku South Bend sindinapite kunyumba kwawo kaye. Ndinakhotera kuntchito kwakale, ndikuti lero wina andiona. Manijala watsopano anali mnyamata wamtali, maso ofiira ngati sakugona. Nditamuuza kuti ndine ndani sanathawe, anangovula kapusi.

"Ndinafunsa," anatero. "Ndinafunsa clear. Panja panali mzere mpaka kumsewu. Ndinamva akunena excuse me, ndinkayesa akufuna fyuluta ina. Ndiye ndinakodola mayi mwini galimoto kuti alize."

"Wa m'dzenje mnzawo anali kuti?"

"Anali atangoyamba kumene, ndipo anakwera kukatenga bokosi la mafyuluta." Anapukuta nkhope ndi kapusi ija. "Panamvekanso phokoso pansipo, ngati wina akumenya chitsulo. Kumenya kwambiri. Sindinadziwe kuti n'chiyani."

Ndinasuzumira m'dzenje. Mgolo unali pomwe tinauika paja, mbali imodzi itaphwanyika kulowa m'kati. A Leki ankaumenya akudziwa kuti ine ndili ku Indianapolis. Mkwiyo wonse umene ndinabwera nawo unandithera pomwepo.

"Injini italira ndiye anakuwa," anapitiriza mnyamatayo. "M'chiyankhulo chawo. Anthu a patsidya pa msewu anatuluka. M'galimotomo munali ana, analira osatonthozeka, mayi awo anawanyamula nkuisiya galimoto pomwepo." Kenako anandiyang'ana, misozi ili m'maso. "Iwe umawadziwa. Nthawi anali nayo. N'chifukwa chiyani sanangokuwa?"

 Chingerezi chonse chimene ndinaphunzitsa munthu sichinakwanire kuyankha funso limenelo. Ndinangotuluka.

Ndinawaonanso a Leki kangapo asanabwerere kwawo ku Thailand, m'dzenje sanalowenso, koma tsiku limene limandibwerera ndi limenelo. Nditafika kunyumba kwawo, a Noi ananditsegulira, nkhope yatupa ndi kulira. A Leki anali pampando, dzanja lamanja lili m'mabandeji mpaka m'chigongono, litasanjikidwa pa pilo. Ngakhale m'mabandejimo zinkaoneka kuti ndi lalifupi. Chamkombaphala ndi chapakati zinapita, chachikulu madokotala anachisoka osalonjeza kanthu. Patebulo panali mbale ya mpunga yosakhudza. A Noi anandinong'oneza kuti chitulukireni m'chipatala akungomwa madzi.

Atandiona anayesa kudzuka.

"Nong, mtunda wonsewo? Pepa, takuvutitsa."

"Khalani pansi! Mwandivutitsa? Mwandivutitsa chiyani? Ndinakuuzani, Pi! Ndinakuuzani m'galimoto, ndinakuuzani kumunda, ndinakuuzani tsiku lomaliza! Kaliwu kamodzi! Mwana woyamba kumene kuyankhula amakatha!"

Ndinasiya Chingerezi nkupitiriza m'Chichewa, ndikulira ngati mwana, nditagwada patsogolo pa mpando wawo. Iwo anandisiya mpaka ndinatopa. Kenako anaika dzanja lamanzere pamutu panga.

"Ndinakuwa, nong. Aliyense anamva."

"Anaitana amayi ake," anatero a Noi ali kukhomo la khitchini. "Amayi ake anamwalira iye ali mnyamata."

A Leki anazolika, makutu afiira.  Ndinkaganiza kuti afunsa za dzanja, kapena za inshulansi, kapena kuti adya chiyani tsopano. Anakweza maso pang'ono.

"Wadutsa kuntchito?"

"Ndadutsako."

"M'galimoto muja munali ana. Ndinawaopseza kwambiri." Anandiyang'anitsitsa. "Mayi awo sanakwiye? Nanga bwana, sindinamuchititse manyazi pamaso pa anthu?"

Mayo ine. Ndinafuna kugubuduza tebulo. Ndinayang'ana a Noi, iwo akuyang'ana mbale ya mpunga ija, kenako anandiyang'ana ine, maso akundipempha.

"Palibe amene wakwiya, Pi," ndinatero. "Ana aja anatonthola msanga. Bwana akuti ndikupatseni moni, akuti palibe chimene munalakwa."

"Wanena choncho?"

"Wanena choncho."

Anapuma mpweya wautali, mapewa nkutsika. Anakokera mbale ija pafupi, natenga supuni ndi dzanja lamanzere. Mpunga woyamba unagwera pamwendo. Anatola, nayesanso.